Mng'alu Pansi pa Phula

Lolemba, 22 Julayi

Mfuti yafika. Achimwene a Allal abwera nayo okha pa ngolo ya bulu, ataikulunga m'bulangete ngati mwana wodwala. Zaka zonsezi ankaitsuka okha. Chaka chino zala zakana. Nyamakazi. Akuti chala chimodzi chikugwirabe, ndipo mfuti imafuna chimodzi chomwecho.

Tiyi sanamalize. "Iwe Choko, pofika musemu iwale ngati mphumi ya mkwatibwi." Choko ndine. Chiyambire uphunzitsi, dzina langa lakuti Thami silinatulukenso mkamwa mwawo. Ntchito ndinapuma kalekale, dzinalo silipuma.

Musemu, chikondwerero cha pamanda a woyera wathu, uli pakati pa Ogasiti. Kwa iwo ndi wotsiriza. Sananene choncho. Anena zina: balere wakwera mtengo, chitsime chikutulutsa matope, munthu wa ku Settat wamuona kale kavalo wawo Lazrag ndipo wamukonda. Kavaloyo apita musemu ukangotha. Ndiye kuti banja lathu latuluka mumzere wa okwera akavalo. Agogo ankakwera kudzanja lamanja la mtsogoleri, abambo pomwepo, achimwene pomwepo. Mwana wa achimwene, Mourad, ali ku Italy, akuthyola tomato wa eni ake.

Ana asukulu ndinkawauza kuti masewera a onga ndi masamu: akavalo ambiri, mfuti zambiri, kulira kumodzi. Amathamanga mumzere, mtsogoleri afuule, onse awombe pamodzi, onga wokha wopanda chipolopolo. Ankaseka anawo. Ambiri a iwo lero ali kutsidya kwa nyanja.

Kunja mphepo yotentha. Mvula ayi, chaka china ichi.

Lachitatu, 24 Julayi

Ndayamba. Ndavula mphete zasiliva zogwira mpope wachitsulo wa mfuti, mpope ndauika padera. Watsala mtengo wokha patebulo, wautali, wopepuka kuposa mmene ndimaganizira. Ine mfuti iyi ndaigwira moyo wanga wonse, koma kukamwa kokha. Abambo anagawa motere: wamkulu pa chishalo, wamng'ono kusukulu, ndipo nthawi ya musemu, wamng'onoyo akhale muhema kuthira onga. Wokwera sayang'ana zimene mnzake wathira. Kuyang'ana n'kumutukwana. Achimwene sanayang'anepo ndi kamodzi komwe.

Madzi ofunda pang'ono, sopo wakuda, mswachi wakale, nsanza zambiri. Madzi asachuluke, mtengo umamwa n'kutupa. Chofunika n'kusiyanitsa litsiro ndi ukalamba. Litsiro limachoka ndi sopo. Ukalamba uli mkati mwa mtengo, ndipo wouchotsa ndi sandipepa ndi wakuba. Pathako pa mfuti pali timafupa ta ngamira toyalidwa ngati nyenyezi. Tinali takuda bii, ndinali nditaiwala kuti n'toyera.

Pakhosi pa mfuti, pomwe dzanja limagwira, pali kadzenje kosalala. Chala chachikulu cha agogo, cha abambo, cha achimwene. Changa sichikwanamo.

Mkazi wanga Ghita wandipeza ndikusisita. "Mukanandisisita choncho ine, Si Thami, bwenzi ndikadali mtsikana mpaka lero." Ndamuuza kuti iye sanade chonchi. Wandiponyera nsanza.

Phula lilipo, chibuma chotsiriza cha ming'oma yanga. Njuchi zinathawa chilimwe chatha, zina zinafera momwemo. Maluwa kulibe, zikhalirenji.

Chimodzi sichikundisangalatsa. Fungo. Mtengo ukununkha mafuta osasa.

Lachisanu, 26 Julayi

Mng'alu.

Unali pansi pa litsiro. Ukuyambira pomwe mpope umakhala, kudutsa pakhosi, kutsetsereka mpaka pafupi ndi kadzenje ka chala. Wopyapyala ngati tsitsi. Ndagwira uku ndi uku, ndapinda pang'ono pabondo, watsegula pakamwa. Ndakanda ndi chikhadabo m'mbali mwake: chikhadabo chalowa ngati mu sopo.

Ndakhala pansi nthawi yaitali. Kusikusi, chakudya chathu cha Lachisanu, wazizira.

Chifukwa ndikuchidziwa, ndipo ndikanakonda ndisachidziwe. Musemu ukatha, mpope umatsukidwa ndi madzi otentha, kenaka amathiramo mafuta a maolivi kuti usachite dzimbiri. Kwathu sitinkalekera pomwepo. Lachisanu lililonse, pochokera kumzikiti, timadontho tina. Agogo ankatero, abambo ankatero. Ndipo mfuti imaima pakona kukamwa kuli kumwamba, chifukwa abambo ankati mfuti ndi mwamuna, siweramitsa mutu. Tsono mafuta apite kuti? Pansi. Amatsika mumpope, amatulukira kumbuyo, amalowa mumtengo. Mtengo ukamwa mafuta zaka zambiri, timitsempha take timalekana, umafewa, umada. Kunja kuoneka bwinobwino, mkati phala.

Palibe anainyalanyaza mfuti iyi. Yaonongeka chifukwa aliyense ankaikonda.

Achimwene amawomba ndi dzanja limodzi, ataigwira pakhosi pomwepa, pafupi ndi tsaya. Onga ukaphulika mpope umakankha chammbuyo. Khosi likathyoka, chitsulo chonsecho chibwera kumaso.

Ghita sindinamuuze. Wangondiyang'ana, n'kuchotsa mbale.

Lamulungu, 28 Julayi

Kuyesa. Mafuta amene alowa mumtengo amatha kutulukanso, ena mwa iwo. Pamafunika chinthu chaludzu kuposa mtengowo. Ndatenga dongo la Ghita lotsukira tsitsi, ndalikanda ndi madzi, ndamata khosi lonse, ndaika padenga padzuwa. Dzuwa limasungunula mafuta, dongo limayamwa. Dzuwa ndiye tili nalo lambiri. Ndi chokhacho chimene sitikugula.

Pofika masana dongo lotuwa lasanduka lakuda. Ndapala, ndamatanso lina. Lakudanso.

Ghita wapeza chitini chake chili pakati. "Ine ndipite kosamba ndi mutu wa fumbi chifukwa mfutiyi, mkazi wa alamu anga, ikudzola?" Ndiye ndamuuza zonse. Ndamuonetsa mng'alu, ndamugwiritsa chikhadabo. Sanaseke. Wapita, wabweretsa dongo lina limene anabisa kuti adzapatse mwana wathu akadzabwera.

Kamtima kangoti mwina. Sindikukakhulupirira.

Lachiwiri, 30 Julayi

Kumsika. Mtengo ndinaukulunga munsalu, ndinapita nawo kwa Kaddour, kalipentala amene amakonzanso mfuti za okwera. Tinkakhala desiki imodzi tili ana. Anaununkhiza asanauyang'ane.

Zimene ndimadziwa kale. Dongo lakoka mafuta apamwamba, apakati alipobe, ndipo mtengo umene wafewa sulimbanso. Guluu sagwira. "Guluu ndi mafuta ndi akazi a mitala, aphunzitsi, sagona chipinda chimodzi." Kukulunga waya? Waya agwire chiyani, phala? Mtengo watsopano akhoza kusema, timafupa n'kusamutsa, koma osati musemu uno. Akuti mwina nthawi yozizira. Nthawi yozizira kavalo adzakhala ali ku Settat.

Pamsika wa ziweto anthu akugulitsa chilichonse chimene chimadya. Nkhosa zoonda, ng'ombe nthiti pamtunda. Ogula ayima manja kumbuyo, sakufulumira. Adziwa kuti sabata yamawa zitsikanso.

Ndagula sopo, shuga, dongo la Ghita. Nyama ayi.

Pokwera basi ndakumana ndi Mbarek wa kumudzi wa kutsidya kwa msewu. Mfuti inamuthyokera m'manja ife tili anyamata. Diso limodzi, zala ziwiri ndi theka. Wandipatsa moni ndi dzanja lamanzere monga amachitira nthawi zonse. Zaka zonsezi ndinali nditasiya kuziona. Lero ndaziona.

Lachinayi, 1 Ogasiti

Achimwene ndawauza.

Ndinawapeza kukhola, akumupesa Lazrag. Kavalo wanenepa, mwini wake waonda. Balere amene akanakhala buledi wawo ndiye ali m'mimba mwa kavalo. Ndinayala mtengo pa thumba, ndinafotokoza mwadongosolo, kuyambira mafuta mpaka mng'alu. Mwina ndinatalikitsa. Ndimatero.

Anamvetsera. Anaika chala chachikulu m'kadzenje kaja, anatseka mng'alu ndi chikhatho. "Ukuuona tsopano?" Ndinati ayi. "Basi."

Ndinati Kaddour asema wina. Anandikumbutsa zimene ndimadziwa: mpope unasinthidwa kawiri, kanyundo kowombera kanasinthidwa nthawi ya abambo. Chimene chatsala cha agogo ndi mtengowu. "Ukasintha umenewu, ndiye kuti ndanyamula ndodo ya Kaddour."

Ndinati bwerekani ina, tsiku limodzi lokha. "Wamvapo munthu wobwereka mkazi pa ukwati wake?"

Ndinati chabwino, ndithira onga wochepa, theka. Apo ndiye anaseka. "Ukufuna anthu azidzati Allal anatsazika ndi kuphwisa kwa mbuzi?" Ndipo kunena zoona ngakhale theka sindikulikhulupirira. Ndinangoupinda pabondo ndi manja anga a choko, unatseguka.

Pomaliza ndinapempha chaching'ono. Ndinati ngakhale kuimika kokha, muziimika kukamwa kuli pansi, mafuta otsalawo azitsikira kunja. Nkhope inasintha. Anati m'nyumba ya abambo mfuti sinaweramepo, ndipo siyambira pa iwo.

"Yandipirira moyo wonse, ilephera kulira kamodzi? Paka phula, Choko. Ndinakupatsa kuti upake phula, osati undiphunzitse."

Ndabwerera nawo mtengo. Njira yonse minda yoyera mbuu. Ngalande youma, muli mapepala apulasitiki okhaokha.

Loweruka, 3 Ogasiti

Kwa Haj Bouazza, mtsogoleri wa mzere. Ndinapita ndi chibuma cha shuga monga mwa mwambo. Ndinali nditakonza mawu. Akamva, akuyenera kuwachotsa achimwene mumzere, chifukwa mfuti yothyoka sisankha: pali kavalo, pali wokwera woyandikana naye, amene ndi Haj mwiniwakeyo.

Anathira tiyi, anandiyang'ana. Ndisanafike pakati anakweza dzanja. "Aphunzitsi, musandiuze chinthu chimene ndikachimva ndiyenera kuchitapo kanthu." Anati abambo athu ndiwo anamukweza pa kavalo koyamba. Anati Allal wagulitsa nkhosa zake zonse kuti kavalo afike tsiku limeneli ali ndi mnofu. "Ndikamuuza kuti khala muhema, ndamuika m'manda akupuma. Inu mukhoza, ndinu m'bale wake. Ine ayi."

Ndinati nanga inu, muli pambali pawo. Anati zaka zake zakwana kale, zotsalazi ndi zoonjezera.

Koma anatulutsa mfuti yake yachiwiri, yatsopano, yolimba. Anati aitumiza ngati mphatso, osati ngongole, mwina atero ailandira.

Onse akudziwa, aliyense akukankhira mnzake. Ndipo mnzake wotsiriza ndine.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Mphatso ya Haj yabwerera tsiku lomwelo, pamodzi ndi mazira m'kabasiketi, kuti asakhumudwe.

Ndamuimbira Mourad. Phokoso la mashini kumbuyo. Wamvetsera, wati alankhula nawo. Kenaka wati, "Amalume aang'ono, inu mukuwadziwa. Ine ndinawauza kuti agulitse kavalo zaka zapitazo, anakhala chaka osandiyankha foni." Amanditcha choncho chiyambire ali mwana, palibe anamukonza. Wafunsa ngati wina angamujambulire pa foni tsikulo. Kubwera sangathe, mapepala ake sanatuluke.

Dongo ndasiya. Likutulukabe lakuda. Likhoza kutuluka lakuda mpaka chaka chamawa.

Ndinaganiza zobisa mfuti, kunena kuti yabedwa. Ghita akuti angapite kupolisi, ndipo mudzi wonse ungasechedwe chifukwa cha bodza langa. Ndinaganiza zoithyola ndekha pabondo, ithe. Ndinaigwira kumene. Manja anakana. Ndi ya abambo anganso.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Phula.

Ndasungunula pang'ono m'kachitini, pamoto wochepa, kuti lifewe ngati batala. Nyumba yonse fungo la uchi. Ndinakumbuka ming'oma, mmene inkalirira m'mawa nthawi imene kuno kunali maluwa.

Anthu amalakwitsa popaka lambiri. Phula lochuluka limamata, limagwira fumbi, limachita mitambo. Pamafunika lochepa kwambiri, pansonga ya kansanza, kulizunguliza mpaka mtengo utenthe pansi pa chala. Kenaka kulisiya ligone. Likauma, kupukuta ndi nsalu yaubweya, motsata mitsempha ya mtengo, osati mopingasa. Kenaka kubwerezanso. Kuwala sikuchokera ku phula, kumachokera ku mkono.

Ndagwiritsa ntchito chidutswa cha mkanjo wakale wa abambo. Ubweya wake wafewa bwino.

Mtengo wadzuka. Wofiirira ngati chipatso cha tende, mitsempha ikuyenda mkati ngati madzi. Timafupa tikuwala. Sindinaionepo chonchi, ngakhale ndili mwana.

Ndipo mng'alu wasowa. Phula lalowamo, laudzaza, lausalaza. Ndaunika padzuwa, ndatembenuza uku ndi uku. Ine amene ndikudziwa pomwe uli ndikuchita kuufunafuna. Phula silimanga kanthu. Limangotseka maso.

Ntchito yabwino koposa imene manja angawa anagwirapo. Ndikuchita nayo manyazi.

Loweruka, 10 Ogasiti

Ndabwezera mpope, mphete zasiliva ndazipukuta ndi phulusa. Ndakapereka kwa achimwene.

Anaivundukula pang'onopang'ono. Anapita nayo pakhomo pomwe pali kuwala, anaitembenuza, anainunkhiza. Kenaka: "Kani sukulu ija sinapite pachabe." Kwa achimwene amenewo ndiwo mawu othokoza, ndipo sindikumbuka ena oposa apo.

Anayang'ana pakhosi. "Mng'alu wako uja uli kuti?" Ndinati ulipo. Anati ine ndi anthu a pawailesi ndife amodzi, timaona tsoka ngakhale m'mbale ya uchi.

Madzulo anamanga chishalo, anamuyendetsa Lazrag m'munda wopanda kanthu kuseri kwa nyumba. Poyenda pansi ndi nkhalamba yopindika. Pa kavalo msana umawongoka. Anathamanga kamodzi, anaizunguza mfuti m'mwamba, osawomba. Dzuwa linagwira phula lija. Ndinaombera m'manja ndisanaganize.

Potsika ndinawagwira mkono. Wopepuka ngati mtengo uja.

Anaiimika pakona pake, kukamwa kumwamba. Anafuna botolo la mafuta. Ndinati chonde. Anathira timadontho titatu akundiyang'ana.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Mahema ayamba kuimikidwa. Chaka chino ochepa. Mizere ina sibwera, akavalo anagulitsidwa kale.

Mwambo wa mzere wathu ndaulingalira masiku onsewa. Amene mfuti yake yakhala chete ena akuwomba, amatsika pa kavalo pomwepo, kumapeto kwa bwalo. Amabwerera wapansi, akukoka kavalo, mfuti ili paphewa, kudutsa pamaso pa anthu onse. Ndipo sakweranso mpaka musemu utatha. Ndinaonapo anyamata akulira poyenda ulendo umenewo. Achimwene sanauyendepo. Abambo sanauyendepo. Amanyadira zimenezo kuposa Haji ya ku Makka imene sanapite.

Onga ndi wakuda. Makala osinja ndi akuda. Muhema muli mdima pang'ono, ndipo wokwera sayang'ana.

Ndatenga makala a mbaula, ndasinja m'kamtondo ka zokometsera. Ghita walowa, waima. Ndinayembekeza funso. Watsegula kabati, watulutsa sefa ya ufa. "Iyi ndiye yabwino. Inayo imasiya mibulu."

Tasefa limodzi. Atamaliza wasamba m'manja, wati, "Mudziwe kuti m'bale wanu mumutaya." Ndati ndikudziwa. Wati, "Koma mumutaya ali ndi maso onse awiri."

Sindikudziwa ngati ndili ndi ufulu umenewu. Nkhope ndi yawo, tsiku ndi lawo. Anasankha akudziwa. Ndaphunzitsa ana zaka zambiri kuti munthu wamkulu amalemekezedwa pa chosankha chake. Ndikayesa kuganiza choncho, ndimaona dzanja lamanzere la Mbarek.

Kathumba ka makala osefawo kali m'thumba la mkanjo.

Lamulungu, 18 Ogasiti

Zinachitika Lachisanu. Dzulo sindinathe kugwira cholembera.

Muhema, litatha pemphero la swala. Onse avala zoyera, nduwira zomangidwa bwino. Okwera ena anabwera kudzaona mfuti, kuipatsirana, kuiyamikira. Achimwene anati, "Ndi Choko ameneyu. Kukwera sadziwa, koma kupukuta." Anandipatsa kuti ndithire. Anatembenuka kukamanga lamba. Ndinathira za m'kathumba, ndinatsendera ndi ndodo monga nthawi zonse, ndinaika kachipewa kamkuwa koyatsira onga pansi pa kanyundo. Ndinawapatsa ndi manja awiri. Anati Bismillah. Sanayang'ane.

Mzere unanyamuka. Poyamba kuyenda, kenaka Haj anafuula, akavalo anatayika. Fumbi. Nthungululu za amayi. Achimwene kudzanja lamanja, ataimirira pa zitsulo zopondera, mfuti ikuzungulira m'mwamba. Ndinaiwala zonse, ndinangoti Mulungu, taonani munthu uyu.

Kufuula kwachiwiri. Kulira kumodzi, koyera, kosaphonya. Utsi mzere wonse, kupatula malo amodzi. Pamenepo mpata, ngati dzino lochoka.

Nthungululu zinaduka. Anthu anaona.

Anakhala pa chishalo kanthawi, akuyang'ana mfuti. Haj anawayandikira, ndikuganiza anafuna kuwakhululukira mwambo. Anapukusa mutu. Anatsika okha, movutika, mwendo unakodwa. Anakoleka mfuti paphewa, anagwira chingwe cha Lazrag, anayamba kuyenda.

Bwalo limenelo ndi lalitali. Sindinkadziwa kuti ndi lalitali choncho. Nkhalamba yopindika, nsapato zokwerera zosayenera kuyendera, fumbi mpaka m'maondo. Palibe anaseka. Zikanakhala bwino wina akanaseka. Mwana wina anafunsa mokweza kuti agogowo alakwa chiyani, amayi ake anamutseka pakamwa. Mphwake wa Haj ankajambula pa foni, za Mourad zija. Anatsitsa foni.

Atafika muhema anakhala pansi. Anachita chimene sanachitepo: anatenga ndodo, anakokera kunja zimene ndinathira, anakhuthulira pachikhatho. Ananyambita. Onga umawawa mchere palilime. Makala alibe kukoma kulikonse.

Ndinali nditaima pomwepo. Sindinathawe, chokhacho ndinganene.

Sanakweze mawu. Anapukuta chikhatho pa mkanjo woyera, chinasiya mzere wakuda. Anati, "Zikomo, Si Thami."

Dzina langa. Ndi ulemu wake womwe, ngati mlendo.

Lachitatu, 21 Ogasiti

Lazrag wapita dzulo. Galimoto ya munthu wa ku Settat inadutsa pakhomo pathu, mutu wotuwa uli pamwamba pa matabwa. Ine sindinaitanidwe. Ghita anamva kwa mkazi woyandikana nawo kuti achimwene anamukweza okha, kenaka analowa m'nyumba galimoto isananyamuke. Chishalo akuti anapereka chaulere.

Achimwene sanauze munthu za makala. Kumudzi akuti onga unanyowa, ena akuti diso loipa chifukwa mfuti inawala kwambiri. Ena akuti wothira wakalamba. Kumzikiti anthu akundipatsa moni mwachifundo. Achimwene anasuntha malo, akuswalira mzere wakumbuyo pafupi ndi khomo, amatuluka ndisanapinde mkeka.

Haj Bouazza anandigwira dzanja nthawi yaitali. Kudzanja lake lamanja chaka chamawa kudzakhala mwana wa mlongo wake, ngati kudzakhale mzere.

Mourad waimba kawiri. Sindinayankhe. Ndimuuza chiyani, kuti bambo ako ali bwinobwino?

Ali bwinobwino. Ndimadziuza m'mawa uliwonse. Maso awiri, zala khumi. Ndipo mwina mtengo uja ukanapirira. Kamodzi kokha, mwina ukanapirira. Zimenezo sindidzazidziwa mpaka kufa.

Phula latsala kachidutswa ngati chala. Ndalikulunga, ndaliika m'kabati. Lopakanso chiyani.

Lachisanu, 30 Ogasiti

Ghita waphika kusikusi wambiri, wandisenzetsa mbale. "Akakuthamangitsani, mbale yokha musaisiye."

Khola lili pululu. Chingwe chikadali pamtengo, ndowa yagadabuzika. Chitseko cha nyumba chinali chotsegula. Ndinapereka salamu. Anayankha salamu, poti imeneyo sikanidwa, koma osatembenuka. Anakhala pamkeka moyang'ana khoma, aonda kuposa kale. Ndinaika mbale pakati. Ndinakhala pafupi ndi khomo, pamalo a mlendo.

Ntchentche. Wailesi ya oyandikana nawo ikunena za madamu ouma.

Kenaka ndinayang'ana pakona.

Mfuti ili pomwe imakhala. Kukamwa pansi, thako m'mwamba, timafupa ta ngamira tikuwala kufupi ndi denga. Pansi pake ayalapo kansanza kopinda bwino, ndipo pakansanzapo pali kale kabanga kakuda ka mafuta, kakang'ono ngati ndalama yachitsulo.

Sindikudziwa tanthauzo lake. Kaya andimvera, kaya akundionetsa chimene ndinaichita nyumba ya abambo. Ine wokonda kufotokoza, ichi chandikanika. Kufunsa sindinayerekeze.

Nditadzuka kuti ndizipita, analankhula, akuyang'anabe khoma. "Nsanzayo imasinthidwa kangati?"

Ndinati ikada. Ndinayamba kunena kuti poyamba izida msanga, chifukwa mafuta apamwamba ndi amene amayamba kutsika, kenaka pang'onopang'ono, mwina miyezi, ndipo nthawi yotentha ngati ino... Anakweza dzanja. Ndinasiya.

Mbale ndaiiwala komweko. Ghita akuti ndikaitenge ndekha Lachisanu.